Mipando Mazana Anayi ya a Kapitawo

A Kapitawo analowa ntchito pa yunivesite ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ananyamula mipando. Ananyamulanso zina, matebulo, makabati, makatoni a mapepala a mayeso, tsiku lina ngakhale pulofesa amene anakomoka pa mwambo wopereka madigiri, koma mbiri yawo ili pa mipando. Ukapitawo anaupeza m'chaka chawo chachisanu ndi chinayi, atapatsidwa anthu asanu ndi atatu, ngolo ziwiri zokankha ndi mtolo wa makiyi wolemera ngati khanda. Kuyambira pamenepo dzina lawo lenileni linangotsala pa chiphaso.

Pamene ankayamba ntchito, ophunzira analipo mazana asanu ndi anayi, mipando inalipo chikwi. Munthu ankakhala pa mpando umodzi, chikwama chake n'kukhala pa wina. Pofika chaka cha nkhani ino ophunzira anali atakwana zikwi zisanu ndi chimodzi, pomwe mipando yokhala ndi miyendo yonse inayi inali itatsala mazana anayi. Boma silinasiye kuthandiza, tisalinamizire. Chaka ndi chaka linkatumiza ndalama yomweyo, pamodzi ndi kalata yoyamikira kuti yunivesite ikukula. Mitengo ya zinthu ndiyo inalibe ulemu. Ndalama imene kale inkagula mipando zana inafika pogula miyendo yokha, kenako misomali, kenako pepala lolembapo kuti mipando ikufunika. Aphunzitsi ankachoka mmodzimmodzi osalowedwa m'malo. Otsalawo ankaphunzitsa mokuwa ngati ogulitsa mankhwala a makoswe, ophunzira ena atakhala pansi, ena pa mawindo, ena ataima pa khonde akufunsa a kutsogolo kuti, "Wati chiyani?"

Komabe alendo a ku unduna wa maphunziro, amene ankabwera kudzayendera kamodzi pa zaka ziwiri, anali asanaonepo wophunzira atakhala pansi. Luso la a Kapitawo linali pamenepa.

Alendo ankaonetsedwa zipinda zitatu: holo yaikulu, chipinda cha sayansi ndi holo ya kumtunda. Mipando yonse inkayamba yandandalikidwa mu holo yaikulu. Ophunzira mazana anayi akalowa, ena onse ankapeza chidziwitso pa chitseko chowauza kuti kalasi yawo yagawidwa, apite ku bwalo la masewera. Alendo akasuzumira n'kugwedeza mitu, ankawadutsitsa njira ya kutsogolo, yamaluwa, yokhotakhota, n'kukawaimika mu laibulale. Nthawi imeneyo mipando inkatulukira khomo la kumbuyo, kudutsa kuseri kwa khitchini pa ngolo ndi pamitu, n'kukafika m'chipinda chachiwiri alendo asanathe kuyamikira mabuku. Pakati pa chipinda chachiwiri ndi chachitatu pankakhala tiyi. A Kapitawo ankadziwa kuti tiyi wa munthu wa boma amatha mphindi makumi awiri ndi zisanu, ndipo pakakhala mabisiketi amatha makumi atatu ndi zisanu. Ntchitoyi mu ofesi ankangoitchula kuti "kukonzekera alendo." Kenako Mlembi Wamkulu ankasaina lipoti lotsimikiza kuti yunivesite ili ndi mipando chikwi ndi mazana awiri, yonse yabwinobwino.

Mlembiyu a Kapitawo anamudziwa ali wophunzira, wowonda, wa thalauza limodzi. Chaka china atasowa pogona anamubisa teremu yathunthu m'chipinda chosungiramo katundu, akugona pa makatani akale. Anakula, anavala suti, anaphunzira kulankhula akuyang'ana wotchi. Maulendo atatu omaliza a alendo anawayendetsa yekha, ndipo ankatama a Kapitawo kuti ndi nsanamira ya sukulu.

Zinthu zitathina kwambiri, panakhazikitsidwa komiti yofufuza ngati antchito sanachuluke. Komitiyo inali ya anthu khumi ndi anayi. Inakumana kasanu ndi kanayi ku hotela, kuti iganize popanda phokoso, ndipo inapeza kuti anthu owonjezera pa yunivesite yonse analipo asanu ndi atatu: onyamula katundu. Mmodzi mwa iwo anali mng'ono wawo wa a Kapitawo, munthu wa ana asanu, amene anali atanyamula makabati zaka makumi awiri ndi zinayi mpaka msana unapindika ngati chogwirira ambulera.

Mlembi analengeza zimenezi pa msonkhano wa antchito onse. Wina atafunsa kuti nanga katundu azinyamula ndani, iye anamwetulira.

"Anzanga, yunivesite ndi malo a ubongo. Si malo a misana."

Anthu anaseka, ena chifukwa chinawasangalatsa, ambiri chifukwa mayina awo sanali pa pepala. A Kapitawo anali ataima kumbuyo pafupi ndi mng'ono wawo, popeza mipando inali itatha. Sanaseke.  Iwo eni anauzidwa kuti atsale miyezi itatu, alendo akadzangochoka adzapereke makiyi.

Miyezi itatuyo a Kapitawo anaigwira okha, ndipo m'mawa uliwonse potsegula maholo ankaganiza chinthu chimodzi: Mlembi adzagwa bwanji. Anaganizapo zotaya makiyi onse m'chimbudzi, koma anaona kuti akavutike ndi kalipentala. Anaganizapo zomasula miyendo ya mpando wa mu ofesi yake, koma munthu akagwa pa mpando amadzuka n'kudzisasa fumbi. Iwo ankafuna kugwa kosadzuka nako.

Kutatsala sabata imodzi kuti alendo abwere, Mlembi anawaitana.

"Madala, chaka chino zasintha," anatero, osakweza maso. "Unduna wati uli ndi ndalama yowonjezera, koma ipita ku yunivesite imene ikuvutika kwambiri. Ndiye tikufuna tivutike."

"Si tikuvutika kale, bwana?"

"Tikuvutika, koma mosalongosoka. Ndikufuna mavuto ooneka bwino. Musiye mipando makumi asanu m'chipinda chilichonse, yothyokayo. Yabwino yonse mutsekere kosungira katundu. Ana adzaze paliponse, pansi, pa mawindo. Mayi uja wa ku unduna ndikufuna atuluke muno akulira."

"Mayi yemwe uja wa magalasi? Wabwera katatu uja?"

"Yemweyo. Ndalama imeneyi ndaliuza kale bungwe loyang'anira sukulu kuti ndiibweretsa ine. Ndaikapo khosi langa. Mwamva?"

"Ndamva, bwana," anatero a Kapitawo. Anali atamvadi, makamaka mawu okhudza khosi.

Lamlungu masana anapita kwa mng'ono wawo, amene tsopano ankakankha ngolo ya matumba pa msika. Anamupeza atagona chafufumimba pa mphasa, mkazi wake akumuthowa msana ndi nsanza yotentha.

"Alamu, mwabwera kudzaona mtembo wanu?" anatero mkaziyo. "Ukupumabe, koma sugula sopo."

"Ndabwera kudzaubwereka, mlamu. Lachinayi lokha."

Mng'onoyo anatembenuza mutu. "Achimwene, ngati ndi maliro a Mlembi, bokosi ndinyamula ndekha."

"Si bokosi. Ndi mipando. Tikonzekera alendo monga mwa nthawi zonse."

A Kapitawo anafotokoza. Mng'onoyo anayamba kuseka, msana n'kumubaya, n'kutukwana, n'kusekanso. Pofika Lachiwiri anali atapeza anzake onse asanu ndi awiri. Wina anali mlonda pa sitolo, wina ankaswa miyala, awiri ankangokhala. Palibe anafunsa za malipiro. Mmodzi anangofunsa ngati angabwere ndi yunifolomu yake yakale, poti anali ataisunga.

Amene sanaseke anali mwana wawo wamkazi wa a Kapitawo, wotsiriza, yemwe anali m'chaka chachiwiri pa yunivesite yomweyo. Mayi ake anamwalira ali ku pulayimale, ndipo m'nyumba ankakhala awiriwiri. Anawapeza bambo ake pa tebulo akukonza njira ya ngolo ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo sanachedwe kuzindikira.

"Adadi, ndalama imeneyo ikabwera, okhala pa mipando ndife."

"Ikabwera agula galimoto ya Mlembi."

"Mwina. Koma mwina agulako mipando zana. Mwina alemba mphunzitsi mmodzi. Ine chiyambire chaka chino ndimalembera pa bondo, mukudziwa inu?"

"Ndikudziwa. Ndimakuona."

"Ndiye?"

"Bambo ako aang'ono akukankha matumba pa msika. Ukawaone msana."

"Ndiye tilangidwe anthu zikwi zisanu ndi chimodzi chifukwa cha pakamwa pa munthu mmodzi?"

A Kapitawo anasuntha chitsekerero chimodzi, kuchichotsa pa khitchini n'kuchiika pa holo ya kumtunda.

"Sindikukupempha kuti unyamule," anatero. "Ukafuna kukanena, ofesi yake ili pa nsanjika yachitatu. Ugogode kawiri, amakonda ulemu."

Mwanayo sanakanene. Sanawayankhulenso mpaka Lachinayi.

Tsikulo anthu asanu ndi atatu aja analowera ku geti la kumbuyo dzuwa likutuluka. Anatulutsa mipando yonse, anaipukuta ndi nsanza ya mafuta, anaindandalika mu holo yaikulu ndi chingwe kuti mizere iwongoke. Zidziwitso zogawa makalasi a Kapitawo anali nazo zakale, zosainidwa ndi Mlembi, zachidindo. Mlembiyo, pofuna kusamala mapepala, sankalembapo tsiku. Ophunzira mazana anayi atalowa, a Kapitawo anamata chidziwitso, otsalawo n'kumapita ku bwalo la masewera akudandaula monga mwa chizolowezi.

Nthawi ya naini alendo anafika pa khomo la holo, asanu, mayi wa magalasi ali patsogolo ndi kabuku kake. Mlembi anali atavala suti yakale dala, ndiponso sanapolishe nsapato. Anagwira chitseko, nkhope ili ngati ya wolengeza maliro.

"Mayi, ndikupempha mulimbe mtima. Zimene muone muno, ife timaziona tsiku ndi tsiku. Ana a eni, tsogolo la dziko, ali pansi ngati matumba."

Anatsegula.

Mizere makumi awiri, yowongoka, yonyezimira. Wophunzira aliyense pa mpando wake, kope pa mwendo, kumaso kuli mtendere. Pawindo panalibe munthu, mphepo inkalowa. Mphunzitsi, amene kwa zaka ziwiri anali asanaone simenti ya pansi pa holoyo, ankalankhula motsitsa mawu, akudabwa kuti akumveka.

Mayi uja anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso.

"Koma ndiye mumasamala katundu," anatero. "Kwina kumene tachokera dzulo, ana amakhala pa njerwa." Analemba m'kabuku.

Mlembi anatseka chitseko pang'onopang'ono. Anayang'ana uku ndi uku, koma pa khonde panalibe kapitawo aliyense.

"Tiyeni tipite msanga ku chipinda cha sayansi," anatero. "Tidutse njira yachidule."

"Osaona mabuku?" anafunsa mayiyo. "Ine ndikabwera kuno ndimayembekezera laibulale yanu. Inu nomwe munandizoloweza. Ndiponso maluwa aja."

Anadutsa ya maluwa. Kumbuyo kwawo, mng'ono wa a Kapitawo anatsegula khomo lina n'kukuwa kuti, "Dzukani, mabwana a mawa, mipando ili pa ulendo!" Ophunzira anadzuka akuseka, poti ambiri mwambowu ankaudziwa. Ngolo zinalira kuseri kwa khitchini. Amuna a imvi ankathamanga ndi mipando isanu ndi umodzi pamutu, mitsempha ya m'khosi ili tolotolo, a Kapitawo ali pa mphambano ndi wotchi m'manja, akungoti, "Kumanzere! Wotsatira! Iwe, miyendo m'mwamba!" M'zaka zonse zija anali asanasamutsepo mipando mwachangu chotere. Kale ankagwirira malipiro.

Pa khomo la chipinda cha sayansi Mlembi sanalankhule zambiri. Anangoti, "Muno ndiye muli mavuto enieni," mawu ake ali ngati akufunsa. Anatsegula, napeza mizere yomweyo, kunyezimira komweko. Thukuta linatsikira m'kolala.

"Mayi, musakhulupirire maso okha," anatero. "Afunseni ana eni ake. Funsani aliyense."

Mayiyo anadabwa, chifukwa maulendo onse am'mbuyo Mlembi yemweyu ankati malamulo salola alendo kusokoneza phunziro. Anatembenukira ophunzira.

"Ana inu, pali vuto lililonse limene mukufuna boma lidziwe?"

Munali zii. Ophunzira onse ankakumbukira chidziwitso china, chosainidwanso ndi Mlembi, chonena zimene zidzachitikire aliyense woyankhula ndi alendo popanda chilolezo. Nacho chinalibe tsiku, ndiye palibe ankadziwa ngati chinatha ntchito.

Pa mzere wachitatu dzanja limodzi linayamba kukwera. Linali la mwana wa a Kapitawo. Linafika pa phewa. Kenako mtsikanayo anayang'ana ku khomo la kumbuyo, lomwe linali lotsekuka pang'ono, naona bambo ake ataima, malaya atanyowa mpaka m'chiuno, chipewa chili m'manja. Pambali pawo bambo ake aang'ono anali atawerama, manja pa mawondo, akupuma ngati mvukuto. Bambo akewo sanamupatse chizindikiro chilichonse. Anangomuyang'ana.

Dzanjalo linapitirira mpaka kumutu, linakonza tsitsi, n'kutsika.

"Ana okhutira," anatero mayi wa ku unduna, nalembanso.

Pa tiyi Mlembi anayesa kufulumiza. Anati nthawi yatha, anthu angomwa choimirira. Koma mayi wophika tiyi, amene mwamuna wake anali mmodzi wa asanu ndi atatu aja, anabweretsa tiyi wowira moti kapu sinkagwirika, ndipo mabisiketi anawabweretsa kawiri. Ku chitunda cha holo yachitatu gudumu la ngolo imodzi linathyoka. Mipando ya m'ngoloyo inakwera pamitu. Tiyi anatha mphindi makumi anayi ndi ziwiri, zimene a Kapitawo amati sizinachitikepo m'mbiri ya boma.

Alendo atalowa mu holo ya kumtunda n'kuyamba kuwerenga mizere, Mlembi anazemba, nawapeza a Kapitawo kuseri, atatsamira khoma.

"Madala, mwandipha."

"Ndakonzekera alendo, bwana."

"Ndinakuuzani chiyani ine? Ndikukawauza pompano kuti ndi mipando yomweyo!"

"Kawauzeni. Mukawauzenso kuti inali yomweyo ulendo watha, ndi wina uja, ndi woyamba uja. Mayiwo ali ndi malipoti onse atatu mu chikwama, ndawaona. Ine sindisaina malipoti, bwana. Ndine wa msana."

Mlembi anatembenuka. Anayang'ana amuna asanu ndi atatu amene anakhala mondandalika m'tsinde mwa khoma, mmodzi ali mu yunifolomu yothina.

"Ndinu anthu oipa mtima," anatero.

"Tinaphunzira pa yunivesite," anayankha mng'ono uja.

A Kapitawo anatulutsa mtolo wa makiyi, anauika m'manja mwa Mlembi, navala chipewa. Alendo anatsanzika mosangalala. Mayi wa magalasi anauza Mlembi kuti ndi munthu wodzichepetsa kwambiri, wodandaula ngakhale pamene zinthu zili bwino.

Lipoti linabwera patatha masabata asanu ndi limodzi. Linati yunivesiteyi ndi chitsanzo cha kasamalidwe ka katundu wa boma pa nthawi yovuta. Linati sikufunikira thandizo lowonjezera, lomwe linapita kwa a njerwa aja. Linatinso, poona malo amene alipo, chaka chamawa ilandire ophunzira ena chikwi ndi mazana asanu. Bungwe loyang'anira sukulu linakumana kamodzi kokha, osati ku hotela, ndipo linathokoza Mlembi pomupatsa "ntchito zapadera" ku kanthambi ka yunivesite komwe basi imafika kawiri pa sabata.

Tsiku losamuka, a Kapitawo anavala jekete la kutchalitchi n'kupita kukakhala pa kakhoma koyang'anana ndi masitepe a ofesi. Onyamula katundu kunalibe, komiti inali itaona kale zimenezo. Alembi aang'ono onse anapezeka kuti ali ndi ntchito zofulumira. Mlembi anatsitsa yekha makatoni kuchokera pa nsanjika yachitatu, limodzilimodzi, tayi atamuponyera kumbuyo. Pa katoni lachisanu anaima pakati pa masitepe, lili pa bondo, akupuma movutika. Anawaona a Kapitawo.

"Madala, tandigwirirani mbali iyi."

"Pindani mawondo, bwana," anatero a Kapitawo, osadzuka. "Mukanyamulira m'chiuno choncho, mawa simudzuka."

Anakhala pomwepo mpaka galimoto inanyamuka.

Chaka chatsopano chitayamba, kalasi ya mwana wawo inali ndi anthu mazana asanu ndi anayi. Mphunzitsi wina anachoka. Mtsikanayo anayamba kunyamuka m'mamawa kuti akapeze malo pa windo, ndipo akachedwa ankamvera phunziro ali pa khonde, kudzera mwa anthu atatu. Kunyumba ankaphika, ankachapa, ankayankha akafunsidwa, basi. Bambo ake aang'ono anali akukankhabe matumba pa msika. A Kapitawo anali atayamba kukonza mipando ya anthu pa khonde la nyumba, ndipo ntchito inkapezeka mwa apo ndi apo.

Tsiku lina madzulo mwanayo anafika mapazi atatupa, atayima maola asanu. Anakhala pa sitepe, anavula nsapato, nayang'ana bambo ake akukhoma msomali.

"Adadi, ndifunse?"

"Funsa."

"Zinakukwanirani?"

A Kapitawo anaika hamala pansi. Anayang'ana mapazi a mwana wawo nthawi yaitali, ndipo zinkaoneka kuti funsolo akuliganizira moona mtima. Analowa m'nyumba, anatenga beseni, anathiramo madzi ofunda, analiika pa mapazi ake.

"Makatoni a Mlembi aja anachepa," anatero. "Anali asanu ndi awiri okha."